Kumeta hatchi yokalamba koyamba: thupi lonse, theka, kapena pakhosi pokha?

Epulo akamatha, m'makhola a mahatchi ku Kyalami, kufupi ndi Johannesburg ku South Africa, mumayamba kumveka kulira kwa makina ometera, ndipo ife ma groom, osamalira mahatchi, timadziwa kuti kwa milungu ingapo tizidya nsima yosakanikirana ndi ubweya. Chaka chino ine ndinapatsidwa ntchito yomwe ndinali ndisanaigwirepo: kumeta hatchi ya zaka 22 imene sinamvepo makina pathupi pake chibadwire. Inachokera ku famu, kumene inkangokhala kudambo. Pano imanyamula ana ophunzira kukwera katatu pa mlungu, ndipo imabwerako thukuta lili kamukamu, ubweya utanyowa ngati chiguduli. Ife timangoitchula kuti Mdala.

Madamu ankafuna kuti timete thupi lonse kuti azioneka bwino. Nditafunsa anzanga pa gulu lathu la WhatsApp, ndinalandira mayankho anayi osiyana, aliyense akulumbira kuti lake ndiye loona. Ndiye ndati ndiziike pamodzi njirazi momwe ndinazionera, poti ambiri a inu mudzakumana nazo.

Musanakhudze makina, yambani mwauyang'anitsitsa ubweyawo. Ubweya wa nyengo yozizira sumera chifukwa kunja kwazizira ayi, umamera chifukwa usana ukufupika. Kuno kummwera usana umayamba kufupika pakadutsa pa 21 Disembala, n'chifukwa chake pofika Malichi hatchi imakhala itayamba kale kufufuma ngakhale kukadatentha. Anzathu ali ku Britain zawo n'zotembenuka, iwo amameta cha mu Okutobala. Zimenezo n'zachibadwa. Koma ubweya ukakhala wautali mopitirira, wopotanapotana, wosathothoka ngakhale dzinja litafika, pa hatchi yokalamba ganizirani matenda a Cushing's, amene madokotala masiku ano amawatchula kuti PPID. Amayambira pa kachiwalo kena pansi pa ubongo, ndipo amagwira pafupifupi hatchi imodzi mwa zisanu zilizonse zopitirira zaka 15. Hatchi yotere imamwa madzi kwambiri, imakodza pafupipafupi, msana umalowa mimba n'kugwa, zilonda zimachedwa kupola, ndipo choopsa kwambiri ndi laminitis, kutupa kwa mkati mwa ziboda. Dokotala wa ziweto amatenga magazi n'kuyeza mlingo wa homoni yotchedwa ACTH. Akawapeza matendawo amapereka pergolide, amene ambiri timawadziwa ndi dzina loti Prascend, kumwa tsiku ndi tsiku moyo wonse. Ndikutchula izi poyamba chifukwa zimasintha nkhani yonse. Hatchi ya Cushing's ena amaimeta thupi lonse ngakhale mu Novembala kuti isaphike ndi kutentha. Mdala anayezedwa ndipo magazi ake anali bwino, choncho nkhani inatsala ya thukuta basi.

Tiyambe ndi chimene madamu ankafuna. Full clip ndi kuchotsa zonse, miyendo ndi nkhope zomwe. Hunter ndi mng'ono wake: mumasiya miyendo ndi kachigamba pamsana pokhala chishalo. Kukongola kwake palibe angatsutse, ndipo hatchi imauma pakangopita mphindi zochepa ikachoka ku ntchito. Kwa hatchi yampikisano, yodumpha kasanu kapena kasanu ndi kamodzi pa mlungu, ndi yoyenera. Koma taganizani za nyengo ya kuno ku Highveld, dera lokwera limene kuli Johannesburg. Mu Juni ndi Julayi m'mamawa udzu umakhala woyera ndi chisanu, madzi m'chidebe atagwira pamwamba, koma pofika 11 koloko dzuwa lili phwee, munthu wavula juzi. Hatchi yometedwa yonse ilibenso chodzitetezera. Usiku ifunika bulangeti lolemera la magalamu 300 kapena kuposerapo (muyeso wa zofunditsa zoikidwa m'kati mwake), lofika m'khosi, m'mawa muvule muveke lopepuka, masana mwina muvule onse, madzulo mubwerezenso. Amene azichita zimenezi tsiku lililonse, Lamlungu lomwe, ndi inuyo. Mukaiwala kuvula, hatchi imatuluka thukuta m'kati mwa bulangeti n'kudzazizidwa nalo dzuwa likalowa, zomwe n'zoipa kuposa mukanaisiya ndi ubweya wake.

Kwa nkhalamba palinso zina. Mano akatha, hatchi siitha kutafuna bwino udzu wouma, chonsecho kutentha kwakukulu kwa thupi lake usiku kumachokera ku udzu umene ukuwira m'matumbo. Mukaichotsera ubweya wonse, chakudya chomwe chikanapita ku mnofu chimathera kuwotha thupi, ndipo imayamba kuonda. Choipa china, bulangeti limabisa. Mutha kutha milungu itatu osazindikira kuti nthiti zayamba kuwerengeka. Komanso mahatchi okalamba ambiri fupa la pamwamba pa mapewa limakhala lotuluka, ndiye bulangeti lolemera limakhula pamenepo mpaka chilonda. Kumeta kwake kumene kumatenga maola awiri kapena kuposa kwa munthu wosazolowera, ndipo hatchi ya mawondo a nyamakazi kuima nthawi yonseyo pa simenti, wina akuikoka mwendo, ndi chilango.

Blanket clip sindikhalitsapo. Mumasiya miyendo ndi ubweya wa pamsana ndi m'chiuno, ngati mwaifunda kabulangeti, khosi lonse n'kumeta. Ndi yabwino kwa hatchi yogwira ntchito yapakatikati, koma mizere yake ili ndi makona ovuta kuwafananitsa mbali ziwiri, ndipo imafuna kuti mumete kumatako, pafupi ndi theche. Pa tsiku loyamba ine ayi.

Pamene panali mkangano weniweni ndi pakati pa trace, Irish ndi bib. Trace dzina lake linachokera ku mahatchi okoka ngolo: ankameta kutsata pamene pamadutsa malamba okokera. Mumachotsa kunsi kwa khosi, chifuwa, mimba, ndi chigawo cham'munsi cha nthiti mpaka kumbuyo kuntchafu, mzere n'kuyenda mowongoka m'litali mwa thupi. Irish imayambira kumutu, mzere n'kutsetsereka mopingasa kudutsa paphewa kukathera kumimba cha kumphechepeche. Kumbuyo konse simukhudzako. Bib ndiye kamwana: kunsi kwa khosi ndi pachifuwa pokha, mwina n'kupitiriza pang'ono pakati pa miyendo yakutsogolo mpaka podutsa lamba wa chishalo.

Mukaiyang'ana hatchi ikamachoka ku ntchito, muona kuti thukuta limayambira pakhosi, pachifuwa, m'khwapa ndi podutsa lamba. Irish imachotsa ndendende pamenepo, n'kusiya msana, chiuno ndi ntchafu zili zofunda, malo amene nkhalamba imaumirira kukazizira. Trace imaziziritsa kwambiri kuposa Irish, koma mtengo wake ndi woti mukamete cha kuchinena ndi m'ntchafu, pamene hatchi iliyonse imanyerenyetsedwa. Bib mutha kuimaliza mphindi 20, ndipo hatchi ingathe kugona ndi bulangeti lopepuka kapena la magalamu 100 basi. Vuto lake, ngati hatchi ikugwiradi ntchito, bib yokha siikwanira. Mudzakhalabe mukuipukuta ndi thaulo mpaka mdima. Anzathu a ku Cape Town, kumene nyengo yozizira imabwera ndi mvula ndi matope, ali ndi chifukwa chinanso chosiyira ubweya wa pamsana ndi miyendo: ndi umene umatsetseretsa madzi.

Ine ndinasankha kuyamba ndi bib ngati mayeso, kenaka Irish. Madamu ndinawauza mawu amodzi okha: "Madamu, tikachotsa pang'ono titha kuwonjezera mawa, koma tikachotsa zonse sitingamatenso." Anaseka n'kuvomera.

Tsopano makina. Alipo amitundu itatu imene mungaipeze m'makhola ambiri. Oyamba ndi aakulu a nthambo, monga Lister Star kapena Heiniger Handy. Ali ndi mphamvu, amalowa mu ubweya wothithikana ngati khasu lakuthwa m'dimba, ndipo satopa. Koma amalira, amanjenjemera m'manja, ndipo nthambo imakwawa pansi ngati njoka. Hatchi yosazolowera imaopa nthamboyo kuposa phokoso, ndipo ikaiponda ndi nsapato yachitsulo ndi ngozi kwa nonse awiri. Ngati ndi amenewa muli nawo, nthambo idutse pamwamba, pansi pakhale pouma, inu muvale nsapato za mphira. Achiwiri ndi aakulu a batire, monga Heiniger Xplorer. Kwa hatchi yoyamba kumene awa ndiwo ndingasankhe: ikasuntha mumasuntha nayo, ndipo magetsi akazima simutsala ndi hatchi yometedwa mbali imodzi, zimene zinandichitikirapo zaka zapitazo pa hatchi ina, mpaka inakhala masiku awiri anthu akuiseka. Kungoti ndi odula, ndipo batire liyenera kugona pa chaji. Achitatu ndi aang'ono a mabuledi ongotsekera, monga Andis AGC ndi Oster A5, omwe ometa agalu amagwiritsanso ntchito. Salira kwambiri, ndi opepuka, kumutu ndi m'makona ndi abwino zedi. Bib amaimaliza bwinobwino. Koma mukati mumete nawo thupi lonse la ubweya wa nkhalamba, atentha, atsamwa, ndipo dzuwa likuloweran​i.

Buledi ndi yofunika kuposa dzina la makina. Pa Lister, ya fine imasiya ubweya wa mamilimita 1.4, ya medium 2.5, ndipo Covercote imasiya 5. Pa makina aang'ono, nambala 10 imasiya pafupifupi 1.5 pomwe T-84, yomwe ndi yotakata, imasiya 2.4. Kwa hatchi yokalamba, makamaka yoyera kapena ya khungu lofiirira, fine musayerekeze: khungu limaonekera, dzuwa la masana limaliwotcha, ndipo mizere yonse ya dzanja lanu imaoneka. Medium ndiye yabwino. Covercote ngati mukungofuna kupungula. Mukhale ndi mabuledi awiri akuthwa, muzithira mafuta mphindi 5 mpaka 10 zilizonse, ndipo muziika buledi kuseri kwa dzanja lanu. Ikakutenthani inu, hatchi yayamba kale kupsa. Fumbi la kuno ndi mdani wa buledi, choncho muisambitse dzulo lake masana kuti iume kusanazizire. Ubweya wauve umabunthitsa buledi yatsopano musanamalize phewa limodzi.

Nanga mantha? Apa njira zinali zinayi. Mnzanga wina anati ndingoimanga mlomo ndi twitch, kachipangizo kofinyira mlomo wapamwamba kuti hatchi idekhe. Imagwira ntchito, koma kwa mphindi zochepa chabe, ndipo hatchi imadzakumbukira. Ndi yothandiza pomalizitsa kagawo kovuta, osati pa ntchito yonse. Wina anati Sedalin, mankhwala a acepromazine. Amenewa amafooketsa pang'ono, koma hatchi yoopadi imawagonjetsa, ndipo kwa yamphongo amatha kuchititsa kuti chida chilendewere osabwerera. Domosedan gel ndi wamphamvupo: amaikidwa pansi pa lilime, osati kumezetsa, ndipo mudikire mphindi 40 hatchi ili phee musanayatse makina. Jakisoni wa dokotala ndiye wotsimikizika kuposa onse, komanso wodula kuposa onse. Mankhwala onsewa ndi a dokotala kulamula, makamaka kwa nkhalamba imene mtima wake uyenera kumvedwa kaye. Dziwaninso kuti hatchi yogonetsedwa imatuluka thukuta, ubweya wonyowa sumeteka, ndiye muyambire malo ovuta. Ndipo ngakhale mutu uli pansi, mlomo uli lende, theche imaponyabe, mosachenjeza.

Ine ndinatenga njira yotsika mtengo, ya kuona maso a nkhono. Tsiku loyamba ndinangoima panja pa khola la Mdala makina akulira pamene iye akudya. Lachiwiri ndinamusisita nawo paphewa ali ozima. Lachitatu ndinawayatsa, n'kuika dzanja langa paphewa pake, makina pamwamba pa dzanjalo, kuti kunjenjemera kumufike kudzera mwa ine. Anafwenthera, khutu limodzi n'kulitembenuzira kwa ine, khungu la paphewa likugwedezeka ngati pakutera ntchentche. Kenaka anapitiriza kutafuna. Lachisanu ndinajambula mzere ndi choko, ndinayeza mbali ziwiri ndi chingwe chodutsa pamwamba pa khosi, n'kuyamba paphewa, kumeta mopenyana ndi kumene ubweya wagonera, buledi itagona pakhungu, ulendo uliwonse ukulowa pang'ono mwa unzake.

Ndinalakwitsa m'khwapa. Khungu la pamenepo pa hatchi yokalamba ndi lofewa, lamakwinya, ndipo pamafunika mnzanu akokere mwendo kutsogolo kuti liwongoke. Mnyamata wondithandiza anaukweza kwambiri, bondo linamupweteka Mdala, anabweza mwendo, makina n'kutsina kakhwinya. Kanali kabala kochepa ngati njere ya mpunga, koma usiku umenewo sindinagone bwino. Ulendo wachiwiri tinangopondetsa mwendowo pa belo la udzu, pansipansi, khungu ndikulikoka ndekha ndi chikhatho.

Ndevu za pamlomo ndi tsitsi lalitali la m'mbali mwa maso musakhudze. Hatchi imafufuzira zimenezo mumdima, ndipo kuyambira mu 2021 bungwe la FEI, loyang'anira mipikisano ya mahatchi padziko lonse, limachotsa pa mpikisano hatchi yometedwa ndevu. Ubweya wa m'kati mwa makutu nawonso usiyeni.

Nditamaliza ndinamupukuta ndi kansalu koviika m'madzi otentha kuchotsa mafuta ndi tiubweya toyabwa, n'kumuveka bulangeti. Patatha milungu inayi ubweya unali utamera, ndipo pometanso ndinakweza mzere kufika pa Irish. Usiku amagona ndi la magalamu 200, masana amakhala wosavala pokhapokha kukachita mphepo. Lachisanu lililonse ndimamuyeza ndi tepi podutsa lamba n'kulemba pa chitseko cha khola ndi choko chomwe chija, ndipo kufika lero nambala sinatsike.