Viza ya H-1B: kudzera kukampani kapena ku yunivesite?

Ambiri akamva za H-1B, viza ya ku America ya anthu ophunzira ntchito zaluso, amangoganiza za maere basi, pomwe njira zilipo ziwiri.

Yoyamba ndi ya makampani wamba, ngati a zamakompyuta aja. Apa boma linaika malire, maviza 65,000 pachaka, kuonjezapo 20,000 a amene ali ndi masters kapena kuposa apo ya ku America komweko. Abwana amakulembetsani ku USCIS, ofesi ya boma la America yoona za anthu olowa m'dzikolo, mu Malichi, dzina likatuluka pamaere ndipo pempho la viza likavomerezedwa mutha kuyamba ntchito pa 1 Okutobala, likapanda kutuluka ndiye kudikira chaka chamawa ngakhale kampaniyo ikukufunani chotani, ndipo zimawawa kwambiri chifukwa olembetsa amachuluka kuposa malowo. Ubwino wake malipiro amakhala okwera, komanso mukangowerengedwa kamodzi m'malire aja mutha kusintha abwana osabwereranso kumaere.

Inayo ilibe malire. Mayunivesite, mabungwe osapanga phindu ogwirizana ndi yunivesite (zipatala zina zophunzitsira madokotala zimalowa pomwepa) komanso mabungwe a kafukufuku aboma kapena osapanga phindu amatha kukupemphererani viza mwezi uliwonse, popanda maere. Ndalama zake nthawi zambiri ndi zochepako, zoona. Koma chenjerani apa, mukadzafuna kuchoka ku yunivesite kupita kukampani maere aja mudzawalowabe chifukwa simunawerengedwepo.

Kwa ine ngati ndinu dokotala, lekichala kapena wa kafukufuku, yambani kusaka ntchito mbali yachiwiriyi, zaka zitatu zoyamba za vizayi mumazipeza popanda kudalira mwayi ndipo amatha kuonjezera mpaka zisanu ndi chimodzi.