Maikolofoni ya condenser kapena ya ribbon pojambula vayolini

Vayolini ndi chida chovuta kujambula chifukwa uta ukamakhudza zingwe umatulutsa kaphokoso kokanda, kamene munthu wokhala kutali m'holo sakamva, koma maikolofoni yoikidwa pafupi imakatola konse.

Maikolofoni yaing'ono ya condenser (mtundu umene umatola mawu ndi kachikopa kopyapyala kokhala ndi magetsi), monga Neumann KM 184, imafuna magetsi a mavoti 48 ndipo imamva bwino kwambiri mawu okwera. Ubwino umenewu ndi womwenso umasanduka vuto, pakuti mukaiika masentimita 30 okha pamwamba pa chingwe cha E, chomwe ndi cha mawu okwera kwambiri pa vayolini, mawu amatuluka obaya m'makutu, ngakhale kupuma kwa woyimba kumamveka. Ya ribbon (mtundu umene umatola mawu ndi kachitsulo kopyapyala ngati riboni), monga Coles 4038 imene akatswiri a BBC anaikonza m'zaka za m'ma 1950, imafewetsa mawu okwerawo moti vayolini imamveka yosalala. Komabe imamva kutsogolo ndi kumbuyo mofanana, choncho m'chipinda cha makoma a simenti imatolanso mawu obwerera kuchokera kukhoma, ndipo poti mawu ake ndi otsika imafuna preamp (chipangizo chokwezera mawu a maikolofoni) yamphamvu.

Kwa woyimba mmodzi m'chipinda chabwino, ine ndingasankhe ribbon, itaikidwa mita imodzi kapena kuposerapo, chapamwamba pang'ono. Koma kwa gulu la anayi, mavayolini awiri, viola ndi cello (zida zofanana ndi vayolini koma zazikulupo), ma condenser awiri oikidwa mwa njira ya ORTF yochokera ku France, motalikirana masentimita 17 ndi kutsegulidwa madigiri 110, amaonetsa bwino pamene aliyense wakhala, makamaka akaimikidwa mamita awiri kapena atatu kutsogolo kwa gululo.