Pytest: imathandiza kumanga kodi yoyera, koma imathanso kubisa zolakwika

Kwa amene amalemba Python ndipo amayamba ndi mayeso asanalembe kodi yeniyeni, pytest ndi chida choyesera kodi chimene tingakulimbikitseni mosakayika. Ndi chaulere, ndipo kuchiika n'kungolemba pip install pytest. Chimadzipezera chokha mafayilo a mayina oyamba ndi test_, sichifuna class ngati unittest (chida choyesera chimene chimabwera ndi Python), ndipo assert wamba (mzere wotsimikiza kuti zotsatira n'zolondola) akalephera chimakuonetsani zimene mumayembekezera ndi zimene zatulukadi.

Ubwino wake pa kamangidwe ka pulogalamu umaonekera apa. Tiyerekeze function yowerengera chindapusa cha ngongole imene yapitirira tsiku lobweza. Ambiri amaika datetime.now() mkati mwake, n'kuwerenganso database momwemo. Mukayamba ndi mayeso, mudzafuna kunena kuti lero ndi pa 15 March, koma monkeypatch, chida cha pytest chosinthira mbali ya kodi kwa kanthawi pa nthawi ya mayeso, singasinthe datetime.datetime.now; imabweza TypeError chifukwa class imeneyi inalembedwa mu C. Njira yachidule n'kupereka tsikulo ngati argument. Database nayo mumaitulutsa mu function, iyo n'kutsala ndi zinthu zitatu zokha: ndalama, tsiku lobweza ndi tsiku la lero. Pamenepo parametrize, njira ya pytest yobwerezera mayeso amodzi pa zinthu zosiyanasiyana, imagwira ntchito bwino kwambiri: mayeso amodzi amayesa tsiku lenileni lobweza, mawa lake, ndi 29 February. Pa ndalama gwiritsani ntchito Decimal, chifukwa mu float 0.1 + 0.2 sizifanana ndi 0.3.

Chimene chimatidetsa nkhawa ndi ma fixture, ma function okonzeratu zinthu zimene mayeso amafuna. Ndi osavuta kulemba, moti munthu amangowaunjika mu conftest.py, fayilo ya ma fixture ogwiritsidwa ntchito ndi mayeso ambiri, ena n'kuwapatsa autouse=True kuti aziyenda osaitanidwa. Function yofuna ma fixture asanu ndi ma monkeypatch atatu ikukuuzani kuti yasenza ntchito zambiri, koma pytest imangoonetsa zobiriwira, kusonyeza kuti mayeso akhoza, vuto n'kukhala pomwepo. Mukasintha kalembedwe ka mkati, mayeso ambiri amagwa ngakhale pulogalamu ikugwira ntchito monga kale.

Samalaninso ndi scope="session". Fixture yotere imapangidwa kamodzi, ndiye mayeso ena akaisintha, otsatira amaipeza itasinthika. Zotsatira zake, mayeso amakhoza akayenda onse pamodzi koma amalephera mukawayendetsa paokha. Pulagini ya pytest-randomly imasakaniza ndondomeko ya mayeso ndipo imaulula zimenezi msanga.

Pa ntchito ya tsiku ndi tsiku, pytest -x imaima pa kulephera koyamba, pomwe --lf imabwereza okhawo amene analephera. Mayeso atsopano aliwonse muyambe mwawaona akulephera musanalembe kodi, apo ayi simungadziwe ngati akuyesadi kanthu.