Verstappen, Keke Rosberg, Hawthorn kapena Schumacher: ndani sanayenere chikho cha Formula 1?

Muno mu Lusaka okonda Formula 1 tikakhala pansi, kaya ku Kabwata kaya ku Chilenje, nkhani ya 2021 sichedwa kutuluka. Ambirife ndife a Lewis Hamilton, ndipo bala la ku Abu Dhabi silinapole. Wina akangofunsa kuti ndi katswiri uti amene anatenga chikho chosamuyenera, yankho limakhala lili kale pakamwa, Max Verstappen. Ine sindivomereza, abale anga, ngakhale tsikulo linandiwawa monga linawawira aliyense. Pali maina ena atatu oti tiwaike pambali pa dzina lake, ndipo aliyense ndimufunsa funso limodzi: chimene chinadetsa chikho chake anachichita ndi manja ake, kapena chinangomugwera?

Tiyambe ndi Max yemweyo. Pa 12 December 2021 iye ndi Hamilton anafika ku Yas Marina, bwalo la ku Abu Dhabi, pa mpikisano womaliza wa chaka ali ndi mapointi ofanana, 369.5 aliyense. Kuno inali 15 koloko pamene magalimoto ananyamuka. Hamilton anatsogola pafupifupi mpikisano wonse. Kutatsala maraundi ochepa, Nicholas Latifi wa Williams anawomba khoma, Safety Car (galimoto imene imatsogolera onse pang'onopang'ono pakachitika ngozi) inatuluka, Verstappen anakavala matayala ofewa atsopano, Hamilton n'kukhalabe pa olimba amene anali atadyeka. Mpaka apo panalibe mlandu. Mlandu unabwera pamene Michael Masi, woyang'anira mpikisano, analola magalimoto 5 okha otsalira m'mbuyo, aja anali pakati pa awiriwa, kuti adutse, ena n'kuwasiya, kenaka n'kuichotsa Safety Car raundi yomweyo osadikira ina monga malamulo ankanenera. Pa raundi yomaliza, ya 58, matayala atsopano anachita ntchito yawo. Mu March 2022 FIA, bungwe loyang'anira masewerawa, inavomera kuti munthu analakwitsa, ndipo apo n'kuti Masi atachotsedwa kale paudindo.

Mpikisano wa tsikulo unali wa Hamilton, zimenezo sindikana. Koma amene ankamukuwira Masi pa wailesi anali mabwana a matimu, a mbali zonse ziwiri. Max anapatsidwa mpata n'kuugwiritsa ntchito, monga akanachitira dalaivala aliyense. Chaka chimenecho anapambana mipikisano 10, Hamilton 8. Ku Baku tayala linamuphulikira akutsogola, ku Silverstone anathera m'chipupa cha matayala atagundana ndi Hamilton, ku Hungary galimoto yake inaphwanyika pa ngozi imene anayambitsa Valtteri Bottas. Chimene chimandivuta pa chikho chake ndi china, timu yake ya Red Bull inapyola malire a ndalama a chaka chimenecho n'kulipitsidwa madola 7 miliyoni. Komabe uwo ndi mlandu wa timu.

Keke Rosberg wa 1982 ndiye dzina limene owerenga manambala amalikonda. Pa mipikisano 16 anapambana umodzi wokha, Swiss Grand Prix, imene inachitikira ku Dijon m'dziko la France, ndipo anatenga chikho ndi mapointi 44. Ferrari ndiyo inali ndi galimoto yoti ipambane. Dalaivala wake Gilles Villeneuve anamwalira atachita ngozi ku Zolder mu May. Mnzake wa mu Ferrari, Didier Pironi, ankatsogola bwinobwino pa mapointi mpaka anawomba kumbuyo kwa Renault ya Alain Prost mvula ikugwa ku Hockenheim, miyendo n'kuthyoka. Sanathamange mipikisano 5 yomaliza, koma anamalizabe ndi mapointi 39. Akanakhala wamphumphu, Keke sakanachinunkha chikhocho.

Koma chaka chimenecho anthu 11 anapambanapo mpikisano, ndipo palibe amene anapambana koposa kawiri. Keke ankayendetsa Williams ya injini ya Cosworth yopanda turbo, akulimbana ndi Ferrari ndi Renault zimene zinkamusiya panjira yowongoka. Ku Austria Elio de Angelis anamuposa ndi masekondi 0.05 okha. Ife a ku Zambia tisamathamangire kunyoza mwayi. Ku Libreville mu 2012 Didier Drogba anaponya penate kumwamba, ndipo palibe amene angatiuze kuti Chipolopolo sinayenere chikho chija chifukwa cha zimenezo. Keke sanavulaze munthu, anangokhala amene anafika kumapeto.

A Jenson Button a 2009 ndi Nico Rosberg wa 2016 sindiwaika n'komwe pamndandanda. Woyambayo anapambana mipikisano 6 pa 7 yoyambirira, winayo anapambana 9 ali m'galimoto yofanana ndi ya Hamilton, ngakhale injini ya Hamilton inapsa ku Malaysia.

Tikamayeza liwiro lokha, wofooka pa onse ndi Mike Hawthorn wa 1958. Anapambana kamodzi, ku Reims, pamene Stirling Moss anapambana kanayi, koma chikho chinapita kwa Hawthorn ndi mapointi 42 kwa 41. Ku Portugal oweruza ankafuna kumuchotsa pa nambala 2 ponena kuti anayendetsa Ferrari yake mobwerera poilizanso itazima. Amene anamuikira kumbuyo anali Moss mwiniwake, n'kumubwezera mapointi amene pamapeto anamulanda iye yemwe chikho. Pa mpikisano womaliza ku Casablanca, Phil Hill, mnzake wa mu Ferrari, anamupatukira kuti akhale wachiwiri. Chikho ichi anachinyamula ndi thandizo la anthu awiri, ndipo Moss anamwalira asanachigwirepo. Zimandimvetsa chisoni, koma sizindikwiyitsa, chifukwa Hawthorn sanabe kanthu. Anamaliza wachiwiri kasanu, ndipo malamulo a mapointi anali omwewo kwa onse.

Chimene chimandikwiyitsa ndi cha Michael Schumacher mu 1994, ndipo ndikunena izi ndikudziwa kuti chaka chimenecho panalibe womuposa liwiro Ayrton Senna atamwalira pa ngozi ya ku Imola. Anapambana mipikisano 8 ngakhale anafufutidwa pa zotsatira za Silverstone ndi Spa, n'kuletsedwanso kuthamanga ku Monza ndi ku Estoril. Anafika pa mpikisano womaliza ku Adelaide ali ndi mapointi 92, Damon Hill 91. Onse awiri akalephera kumaliza, chikho chinali cha Schumacher.

Kanema wake alipo pa intaneti, muonereni pang'onopang'ono. Schumacher akutsogola, Hill ali pambuyo pake. Benetton ya Schumacher ikuterereka pokhota, ikuwomba khoma ndi mbali ya kumanja, n'kubwerera mumsewu ikuyenda mozengereza. Hill akutulukira, sanaone kuti mnzake wagunda khoma, wangoona mpata, ndipo akulowetsa Williams yake mkati pa kona yotsatira. Schumacher akukhotera pomwepo. Benetton ikunyamuka n'kuyenda ndi matayala awiri, kenaka ikukathera m'chipupa. Hill akukwawa mpaka kugaraja, amakaniko akugwira chitsulo chogwiriziza tayala lakutsogolo la kumanzere, chapindika, ndipo iye wangokhala m'galimoto. Schumacher ali chiimire kuseri kwa mpanda, kudikira kuti aone ngati Williams idutsenso. Sinadutse.

Oweruza anati inali ngozi wamba ya pampikisano, ndipo Schumacher sanavomerepo kuti anachita dala. Ine ndimakhulupirira kuti anadziwa kuti galimoto yake yavulala ndipo anatseka njira mwadala. Apa ndiye pakusiyana ndi atatu aja. Verstappen anathandizidwa ndi woyang'anira, Keke ndi tsoka la Ferrari, Hawthorn ndi ulemu wa Moss. Ku Adelaide chiwongolero chinali m'manja mwa amene anapindula.

Wina anganene kuti nanga Senna, amene mu 1990 anawomba Prost pa kona yoyamba ku Suzuka, ndipo patatha chaka anavomera yekha kuti anachita dala? Funsolo n'loona, ndipo chimene anachita chinali choopsa kwambiri, poti anali pa liwiro lalikulu magalimoto ena onse ali pambuyo pawo. Sindimukhululukira. Kungoti Senna anali patsogolo ndi mapointi 9 kutatsala mipikisano iwiri, McLaren yake ili bwinobwino, moti mwina akanachitengabe chikho popanda zimenezo. Schumacher anali ndi pointi imodzi yokha ndi galimoto yongochoka kumene kukhoma.

Mu 1997 pa mpikisano womaliza ku Jerez anachitanso chimodzimodzi ali mu Ferrari, akutsogolanso ndi pointi imodzi. Jacques Villeneuve analowa mkati, Schumacher anamukhotera, koma ulendo uno Ferrari ndiyo inathera mumchenga, Villeneuve n'kumaliza wachitatu ndi kutenga chikho. FIA inamufufuta Schumacher pamndandanda wa chaka chonsecho. Za ku Adelaide sanalangidwe nazo, ndipo chikho cha 1994 chimawerengedwabe ngati choyamba pa zikho zake 7.