Masewera ozindikira malo a pa mapulaneti poona zithunzi za zombo za m'mlengalenga

Masewera a pa foni amene ndikuwaunika pano ali ndi ntchito imodzi yokha: amakuonetsani chithunzi chimene chinajambulidwa ndi chombo cha m'mlengalenga, kenako amakufunsani kuti malowo ndi ati ndiponso ali pa pulaneti liti kapena pa mwezi uti. Pansi pa chithunzi pamakhala mayankho anayi, ndipo mukasankha limodzi pamatuluka ndime yaifupi yofotokoza chimene mwaonacho. Ndakhala ndikuwagwiritsa ntchito ndi ophunzira a kalabu ya sayansi pa sukulu ina ya sekondale kuno ku Mangochi, ndipo ndaona kuti phindu lawo lenileni lili m'ndime yofotokozayo, pamene mpikisano wa mapointi umene eni ake anauika patsogolo ndi umene umasokoneza kuphunzira.

Gawo limene linakonzedwa mwaluso kuposa onse ndi losiyanitsa Mwezi wathu ndi pulaneti la Mercury. Malo awiriwa ndi otuwa, odzaza ndi maenje amene anakumbika pamene miyala yochokera m'mlengalenga inkawomba nthaka, choncho munthu woyamba kumene amangolota yankho. Pang'ono ndi pang'ono masewerawa amamuphunzitsa zoyenera kuyang'ana. Pa Mwezi pali madambo akuda osalala, amene ndi chiphalaphala chakale chimene chinadzaza zigwa n'kuuma, monga Mare Tranquillitatis pamene chombo cha Apollo 11 chinatera mu 1969. Pa Mercury pali maphompho ataliatali okhotakhota amene amadula maenje pakati, ndipo anapangika pamene pulanetilo linkafwaphira chifukwa cha kuzizira kwa mkati mwake. Chombo cha Mariner 10 chinawajambula mu 1974, ndipo cha MESSENGER chinawaonetsa bwino lomwe pamene chinkazungulira pulanetilo kuyambira 2011 mpaka 2015. Wosewera akayamba kudzidalira, amamuponyera chithunzi cha kuseri kwa Mwezi, mbali imene anthu anaiona koyamba mu 1959 kudzera pa chombo cha Luna 3, kumene madambo akudawo ndi ochepa kwambiri. Msampha umenewu ndi wachilungamo chifukwa amene wakodwamo amatulukamo atadziwa chinthu chatsopano.

Gawoli limagwira mtima kuno chifukwa Mwezi si mlendo kwa anthu a m'boma lino. Asodzi a usipa amadziwa usiku umene nyali zawo zigwire ntchito ndi umene kuwala kwa Mwezi kuwalepheretse, ndipo abale athu Achisilamu amayang'anira kuoneka kwake pa nyengo ya Ramadan. Mwana amene wazindikira dzenje la Tycho pa foni, lotalika makilomita pafupifupi 85 m'mimba mwake, ndi mizere yake yoyera yotambalala mbali zonse, akhoza kulipeza yekha ndi mabainokula wamba Mwezi ukakhala wathunthu.

Pa Mars m'pamene kufooka koyamba kumaonekera. Zithunzi zake ndi zokongola, ndipo mbiri yake imafotokozedwa bwino: Mariner 9 inafika mu 1971 pulaneti lonse litakutidwa ndi fumbi, ndipo zoyamba kuonekera fumbilo litayamba kukhazikika zinali nsonga za mapiri akuluakulu, kuphatikizapo Olympus Mons. Koma palibe chithunzi ngakhale chimodzi chimene chili ndi mzere wosonyeza kukula kwa malo. Phiri limeneli, lotalika makilomita oposa 20 ndiponso lotambalala makilomita pafupifupi 600, limaoneka pa foni lofanana msinkhu ndi kachitunda kojambulidwa chapafupi. Chimodzimodzinso Valles Marineris, chigwa chimene chinatchedwa dzina polemekeza chombo cha Mariner 9 chija: ophunzira ankachiona ngati ngalande yokumbidwa ndi mvula. Anayamba kumvetsa pamene tinachiyerekeza ndi nyanja yathuyi, imene ili m'chigwa chimene chinapangika pamene nthaka ya Africa inkang'ambika. Nyanja ya Malawi ndi yotalika makilomita pafupifupi 580 ndipo pozama kwambiri ndi mamita pafupifupi 700, pamene Valles Marineris ndi yotalika makilomita oposa 4,000 ndipo malo ena ndi yozama makilomita 7, ndiponso akatswiri ambiri amati nayo inayamba ngati mng'alu wa nthaka yokokeka. Kamzere kamodzi ka muyeso m'munsi mwa chithunzi kakanachita theka la ntchito imeneyi, ndipo kusowa kwake sindingakukhululukire m'masewera amene cholinga chake ndi kuphunzitsa maso.

Ndiyenera kuwayamikira, komabe, pa mmene anasamalirira nkhani ya mthunzi. Kuwala kwa dzuwa kukachokera mbali imene diso silinazolowere, dzenje limaoneka ngati chitunda, ndipo masewerawa amalola wosewera kutembenuza chithunzi kuti aone mmene diso lamunamizira. Anaikamonso chithunzi chotchuka cha dera la Cydonia chimene Viking 1 inajambula mu 1976, chooneka ngati nkhope ya munthu, pambali pa chithunzi cha malo omwewo chimene Mars Global Surveyor inajambula mu 2001 chosonyeza kuti ndi phiri lokokoloka basi. Masiku ano, pamene zithunzi zodabwitsa zimazungulira pa WhatsApp zili ndi mawu onama pansi pake, wachinyamata amene waona zithunzi ziwirizi moyandikana amakhala wovuta kumupusitsa.

N'chifukwa chake zikundipweteka kuti chisamaliro chomwechi sanachionetse pa Venus, nthanda imene timaiona m'bandakucha kapena madzulo. Pulanetili lakutidwa ndi mitambo yochindikala, ndipo mapu ake abwino kwambiri anapangidwa ndi chombo cha Magellan pakati pa 1990 ndi 1994 pogwiritsa ntchito radar, njira yotumiza mafunde a wailesi n'kuyeza amene abwerera. Pa chithunzi choterocho, malo owala si malo oyera ayi, koma ndi malo amene abweza mphamvu ya radar kwambiri, kawirikawiri chifukwa ndi okhakhala, ndipo mtundu wachikasu umene timauona unachita kuwonjezedwa pa kompyuta. Masewerawa sanena chilichonse pa zimenezi. Zotsatira zake n'zakuti ophunzira angapo anaona mapiri a Maxwell Montes akuwala mbee n'kunena kuti akutidwa ndi madzi oundana, pa pulaneti limene nthaka yake imatentha madigiri oposa 450. Masewera ophunzitsa sayenera kusiya mwana ndi chithunzi cholakwika m'mutu pamene chiganizo chimodzi chikanakwanira kumuwongola.

Mafunso a miyezi ya Jupiter ndi Saturn komanso a Pluto ndi osangalatsa koma osavuta. Mapiri ophulika a Io amene Voyager 1 inawaona mu 1979, ming'alu ya pa madzi oundana a Europa, mizere ya kum'mwera kwa Enceladus imene Cassini inapeza ikufwenthera nthunzi mu 2005, ndi dera looneka ngati mtima la pa Pluto limene New Horizons inajambula mu July 2015, zonsezi munthu akaziona kamodzi saziiwala.

Wotchi imene imawerenga masekondi pa funso lililonse ndiyo imawononga zambiri. Imapatsa mapointi ochuluka amene wayankha msanga, ndipo popeza zithunzi zimabwerezedwa, wopambana amakhala amene waloweza chithunzi osati amene wachiwerenga. Ndaona ophunzira akudumpha ndime yofotokoza ija pothamangira funso lotsatira. Mwamwayi wotchiyo imatheka kuzimitsidwa, ngakhale batani lake linabisika mkati mwenimweni.

Kutsitsa masewerawa n'kwaulere, koma zithunzi zimabwera kudzera pa intaneti nthawi iliyonse mukamasewera, pamodzi ndi zotsatsa malonda zimene zimadya bandulo, ndipo netiweki ikafooka, monga zimachitikira m'madera ambiri akutali ndi pa boma, wotchi imayamba kuwerenga chithunzi chisanaoneke chonse. Mawu onse ndi a Chingerezi, choncho ana a pulayimale angafunike wamkulu wowamasulira. Kwa mphunzitsi kapena kholo limene likufuna kuwayesa, ndikulangiza kuzimitsa wotchi, kuika foni imodzi pakati pa ana anayi kapena asanu, ndi kusalola aliyense kukhudza yankho asananene chimene waona pa chithunzicho chomwe chamupangitsa kusankha motero.