Sopo wa D-Lead m'manja mwa wowombera chandamale ku Dedza

Kwa miyezi 6 tsopano ndakhala ndikusamba m'manja ndi sopo wamadzi wotchedwa D-Lead, wochotsa fumbi la chitsulo cha mtovu pakhungu, nthawi iliyonse ndikamaliza kuwombera chandamale, ndipo anzanga amene timakumana Loweruka m'mawa kumunda wina m'munsi mwa phiri la Dedza akhala akundifunsa ngati botolo limeneli likuposadi tabuleti ya sopo ya pagolosale. Yankho langa ndi lakuti likuposa, ngakhale kuti pali zina zoyenera kuzilingalira munthu asanawononge ndalama zake.

Ife timawombera ndi mfuti zampweya pa mtunda wa mamita 10, monga zimakhalira pa masewera a Olympics, kumene wopikisana amawombera ka 60 m'chigawo choyamba. Tizipolopolo take ndi ta mamilimita 4.5, tolemera pafupifupi theka la galamu, koma ndi ta mtovu, moti munthu akatola kamodzikamodzi m'kachitini mpaka kukwanitsa 60, chala chachikulu ndi chamkombaphala zimatuwa ngati wazipaka pensulo. Amene amawombera mfuti za onga, monga asilikali ndi apolisi, vuto lawo limaposa lathu, chifukwa mtovu umapezekanso m'kachitsulo koyatsira onga kumbuyo kwa chipolopolo, ndipo fumbi lake limatera m'manja, kumaso ndi m'zovala.

Mtovu sulowa kwenikweni kudzera pakhungu. Njira zake zazikulu ndi mphuno ndi pakamwa, ndipo pakamwapo ndi pamene ife odya ndi manja tili pachiswe. Tikachoka kowombera timakonda kuima pachiwaya kugula tchipisi cha mbatatesi yakwathu konkuno, zala zomwezo n'kumatolera mchere ndi tsabola. Chimene chinanditsegula maso chinachitika kunyumba tsiku lina masana, nditasamba bwinobwino ndi sopo wochapira zovala. Nditakanya mbamu yoyamba, mayi a kunyumba anayang'anitsitsa nsimayo n'kunena kuti, "Bambo a mwana, kodi chakudacho chachokera kuti?" Pambamupo panali kamzere kotuwa kochokera m'chikhadabo, ndipo pa nthawiyo mwana wathu wa zaka 3 anali atakhala pamwendo panga kudikira kuti ndimutemereko. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limanena kuti palibe mlingo wa mtovu m'thupi umene umadziwika kuti ndi wosavulaza, ndipo ana aang'ono ndi amene ubongo wawo umawonongeka msanga, pamene akuluakulu umawayambitsa kuthamanga kwa magazi ndi matenda a impso.

Ambiri posankha sopo amayang'ana mawu akuti amapha tizilombo, koma mtovu si kachilombo ndipo sufa. Mankhwala opaka m'manja aja tinazolowera nthawi ya Covid-19 amangoumwaza pakhungu, kenako n'kuuma nawo pomwepo. Bungwe la ku America loona za chitetezo cha anthu pantchito la NIOSH linapeza kuti sopo wamba ndi madzi sizichotsa mtovu mokwanira, n'chifukwa chake linakonza tinsalu topukutira tapadera timene masiku ano timagulitsidwa m'dzina la Hygenall. D-Lead, amene amapangidwa ndi kampani ya ESCA Tech ku Milwaukee, anakonzedwa ndi cholinga chofananacho, chozula fumbi la zitsulo pakhungu kuti lipite ndi madzi.

Ndinamuyesa m'njira ya kumudzi. Loweruka lina ndinasamba ndi sopo wochapira n'kupukuta zala mwamphamvu pakansalu koyera, ndipo Loweruka lotsatira ndinachita chimodzimodzi ndi D-Lead. Kansalu koyamba kanatuluka ndi timizere totuwa, kachiwiri kanatuluka koyera, kupatula kadontho kochokera pachikhadabo chimene sindinachitsuke bwino. Diso si makina oyezera, komabe kusiyanako kunaonekera poyera. Chinanso chimene ndamukondera ndi chakuti amachita thovu ngakhale ndi madzi ozizira a m'chigubu, ndipo sasiya manja oterera, zimene zili zofunika kwa munthu wogwira mfuti, popeza chala chikaterera pang'ono pokha chipolopolo chimakatera kunja kwa bwalo lapakati.

Mu June ndi July, pamene chisanu cha kuno chimaluma mpaka m'mafupa, khungu la m'zala limang'aluka, ndipo m'ming'alumo ndi mmene fumbi la mtovu limabisala. Sopo wochapira ankandiumitsa manja kwambiri nyengo imeneyi. Ndi D-Lead ming'alu yachepa, ngakhale kuti ndimadzolabe Vaseline usiku pogona, osati m'mawa popita kowombera.

Chovuta chake ndi kapezekedwe. M'masitolo a pa boma pano sindinamuonepo, ndipo botolo langa anandibweretsera ndi alamu anga pochokera ku America, moti woitanitsa yekha kunja adzalipira mtengo wotumizira umene ungathe kuposa wa sopoyo. Amene amawombera sabata iliyonse ndipo kunyumba kuli ana kapena mayi woyembekezera, ndalamayo asaimvere chisoni. Amene amagwira mfuti kamodzi pa miyezi ingapo angathe kudalira sopo wamadzi wotsukira mbale pamodzi ndi mswachi wakale wotsukira m'zikhadabo, malinga asambe kawiri, mnzake akumuthirira madzi kuchokera m'chigubu. Beseni limodzi losambamo banja lonse asanadye ndi loyenera kulipewa pa tsiku lowombera, chifukwa wosamba pomaliza nthawi zambiri amakhala mwana.

Botolo langa latsala pang'ono kufika theka, ndipo limakhala m'chikwama cha mfuti limodzi ndi mswachi ndi kathaulo kake kamene sikalowa m'khitchini. Alamu aja ndawatumizira kale uthenga kuti pobwera pa Khirisimasi adzanyamule mabotolo 2, popeza anzanga awiri ayamba kale kumandipempha kadontho tikamaliza kuwombera.