Masiku atatu ku Cape Town, ndinagona ku Sea Point

Ndinali ndi masiku atatu okha, ndiye sindinafune kuthera nthawi pa msewu. Mlamu wanga amati ndikagone ku Camps Bay, koma mitengo ya kumeneko si yamasewera. Ndinapeza kanyumba ka alendo ku Sea Point, kumtunda pang'ono kwa Main Road, ndipo ndikapitanso ndidzagona komweko.

Chimene chinandikoka mtima ndi njira ya oyenda pansi ya m'mbali mwa nyanja. M'mawa kusanatenthe mumapeza azigogo, othamanga, ana pa njinga, mafunde akumenya khoma, kumbuyo kwanu kuli phiri la Lion's Head. Ndinkayenda pamenepo tsiku lililonse osalipira kanthu. Madziwo ndi ozizira zedi, ndinangoviikamo phazi basi.

Ku V&A Waterfront, komwe kuli doko ndi masitolo, ndi pafupi, ndipo kumeneko ndi kumene mumakwerera boti lopita ku Robben Island, komwe Nelson Mandela anakhala m'ndende zaka 18. Gulirani tikiti pasadakhale. Mabasi a MyCiTi amadutsa m'derali, koma salandira ndalama m'manja, mumafunika khadi lawo. Ku Bo-Kaap, dera la nyumba zopaka utoto wamitundumitundu, ndi ku phiri la Table Mountain ndinapita pa Uber, ulendo waufupi.

Chipinda chinali chaukhondo, shawa yamadzi otentha bwino, ndipo mayi wolandira alendo anandichenjeza kuti mphepo ikakula amatseka zikwepe zoyenda pa chingwe zokwerera phiri la Table Mountain, ndipiteko tsiku loyamba kukacha bwino. Ndinamvera, ndipo mawa lake kunadzadza mitambo.

Chodandaula changa ndi phokoso. Zenera linayang'ana kumsewu, magalimoto mpaka usiku. Pemphani chipinda chakumbuyo.